Kabwato Kamene Kankabwerera

Zefa anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala pa kachilumba ka matope ndi mitengo ya kokonati. Zefa ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna amayi ake abwere kunyumba.

Kwathu kuno mtsinje wa Zambezi umafika utatopa. Umachokera kutali kwambiri. Ukayandikira nyanja yamchere, umagawikana. Uku kamtsinje. Uko kamtsinje. Pakati pake zilumba mbwee! Kachilumba ka Zefa kali kumapeto, kufupi ndi nyanja.

Amayi a Zefa ndi a Filomena. A Filomena anali oyembekezera. Pachilumbapo palibe chipatala. Foni nayo sigwira, ngakhale ukwere mumtengo wa kokonati. Choncho amayi oyembekezera amapita kumtunda masiku asanakwane. Amakakhala kuchidikiro, pafupi ndi chipatala.

Tsiku lonyamuka linafika. Boti la injini linaima padoko. Zefa anavala diresi lake lachikasu. Anamanga kamtolo kake. Anafika padoko anthu onse asanafike.

"Iwe ukupita kuti, mwanangu?" anafunsa amayi.

"Ndikupita nanu, Amama."

"Ayi, Zefa. Kuchidikiro sikukhala ana. Utsala ndi abambo ako."

"Ndikakhala chete! Sindikavuta!"

"Ndikudziwa. Koma utsala basi. Bwera unditsanzike."

Amayi anatambasula manja. Zefa sanasunthe. Mtima wake unawira.

"Pitani!" anakuwa Zefa. "Musabwerenso!"

Kalanga ine, pakamwa apa! Zefa anathawa. Anakabisala m'mitengo ya m'matope, ija ya mizu ngati miyendo. Sanatsanzike. Sanakweze ndi dzanja lomwe. Injini inalira, phu phu phu. Inalira mpaka osamvekanso.

Sabata imodzi inatha. Amayi sanabwere.

Sabata yachiwiri inatha. Amayi sanabwere.

Sabata yachitatu inatha. Boti la injini linabwera ndi matumba a mchere. Linabwera ndi mbuzi ziwiri. Koma amayi munalibe.

Zefa anachita mantha. "Ndinawauza kuti asabwerenso," anaganiza. "Ndiye andimvera." Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka. Zefa ankafuna kuola mawu ake aja. Koma akanawaola bwanji? Amayi anali kutali. Zefa sanauze munthu. Ankachita manyazi.

Tsono kwathu kuno madzi amayenda pawiri. Amatsika kupita kunyanja, matope n'kutsala poyera. Kenako amatembenuka. Amakwera kupita kumtunda, matope onse n'kumira. Mwana aliyense amadziwa zimenezi. Ngakhale nkhuku zimadziwa.

M'mawa wina Zefa anakhala padoko. Madzi anali kukwera. Tsamba linadutsa, likupita kumtunda. Kamtengo kanadutsa, kakupita kumtunda. Zefa anaimirira msangamsanga.

"Kumtunda!" anatero. "Kumtunda n'kumene kuli Amama!"

Zefa anathamangira kuseri kwa nyumba. Anatola khoko la kokonati. Analipala ndi kampeni. Analisema kutsogolo. Linasanduka kabwato. M'kabwatomo anaikamo chigoba cha nkhono. Chinali chigoba chake chokongola, choyera kunja, chofiirira mkati.

Anakaika kabwato pamadzi. Anawerama. Ananong'ona.

"Pita kwa Amama. Ukawauze kuti abwere."

Kabwato kanayenda. Kanadutsa doko. Kanadutsa munda wa mpunga. Kanakhota, osaonekanso. Zefa anaomba m'manja. Tsiku limenelo anadya mbale ziwiri za mpunga.

Abambo a Zefa ndi a Jemuse. A Jemuse ali ndi mpanda wa bango wogwirira nsomba. Mpandawo uli kumunsi kwa doko. Madzi akamatsika, chilichonse chimakodwa pamenepo. Nsomba zimakodwa. Nkhanu zimakodwa. Ngakhale patapata wa munthu amakodwa.

Madzulo madzi anatsika. Zefa ndi abambo anapita kumpanda. Matope ankalira, fwatsa fwatsa. Abambo ankatola nsomba. Zefa ankagwira dengu.

Kenako Zefa anaona kanthu pakona ya mpanda. Anayandikira. Mayo! Kanali kabwato kake. Chigoba chinali momwemo.

Zefa anakatola msanga. Anakabisa kumbuyo.

"Watola chiyani, kankhanu kanga?" anafunsa abambo.

"Palibe, Ababa."

"Nanga ukuyenda cham'mbali bwanji?"

"Matope akuterera, Ababa."

Zefa anaganiza njira yonse. "Mwina Amama sanakazindikire. Makoko a kokonati ndi ambiri pamadzi. Akanadziwa bwanji kuti n'kanga?"

M'mawa mwake Zefa analowa m'nyumba. Anapeza chitenje chakale cha amayi. Chinali chobiriwira, cha maluwa oyera. Anang'ambako kansalu kumapeto. Anakamangirira pa kamtengo. Anaimika kamtengoko pakati pa kabwato.

"Tsopano akazindikira," anatero.

Madzi anachedwerako pang'ono, monga amachitira tsiku lililonse. Zefa anadikira. Atayamba kukwera, anaika kabwato pamadzi. Anawerama. Ananong'ona.

"Pita kwa Amama. Ukawauze kuti abwere."

Kabwato kanayenda. Kansalu kanakupiza. Kanadutsa doko. Kanadutsa munda wa mpunga. Kanakhota, osaonekanso.

Madzulo madzi anatsika. Zefa anathamangira kumpanda abambo asanafike. Anayang'ana pakona paja. Kansalu kobiriwira kanali pomwepo, katanyowa. Kabwato kanali katabwereranso.

Zefa sanalire. "Mwina chigoba n'chochepa," anaganiza. "Ndinawalakwira kwambiri. Pakufunika chinthu chachikulu."

Zefa anali ndi mkanda wa m'khosi. Unali wa mikanda yofiira ndi yabuluu. Sankauvula ngakhale posamba. Tsiku lachitatu anauvula. Anauzinga bwinobwino. Anauika m'kabwato, pafupi ndi chigoba.

Anawerama. Ananong'ona.

"Pita kwa Amama. Chonde, kabwato iwe. Ukawauze kuti abwere."

Tsiku lonse Zefa sanasewere. Anzake anamuitana kokakumba nkhanu. Iye anakana. Anangokhala padoko, maso kumtunda.

Madzi anadzaza. Kenako anayamba kutsika. Tsamba linabwerera. Kamtengo kanabwerera. Ndipo uko pokhota paja panatulukira kansalu kobiriwira. Kabwato kanabwera pang'onopang'ono. Kanadutsa munda wa mpunga. Zefa analowa m'madzi n'kukagwira. Chigoba chinalimo. Mkanda unalimo.

Apa ndiye mtima wa Zefa unasweka. "Amama abweza," anatero. "Abweza katatu. Sakundifuna."

Madzulo amenewo kunabwera Titiya Bendita. Titiya Bendita ndi mlongo wawo wa abambo. Abambo amawaitana kuti Mana, ndiye kuti achemwali. Ndi munthu wa mawu ambiri, wa mtima wabwino. Anapeza Zefa atakhala, mbale ili phee patsogolo pake.

"Iwe Jemuse!" anakuwa Titiya. "Mwanayu sakudya! Ndi mpunga uwu kapena phala lomatira nyumba?"

"Aa, Mana Bendita, mpungawu uli bwino. Dzana anadya mbale ziwiri."

"Inali njala imeneyo! Njala imadyetsa ndi matope omwe!"

Masiku onse Zefa amaseka akuluwa akamanyozana. Lero sanaseke. Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Abambo ndi Titiya anayang'anana. Abambo anamutsatira. Titiya anabwera pambuyo.

Zefa anali atakhala pa mulu wa makoko. Kabwato kanali pamiyendo pake. Misozi inali mbwe mbwe mbwe.

Abambo ananjuta pafupi naye. "Kankhanu kanga, chavuta n'chiyani?"

"Amama akwiya nane."

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Koma ndikudziwa."

Ndiye Zefa anafotokoza zonse. Anafotokoza za chigoba. Anafotokoza za kansalu. Anafotokoza za mkanda.

"Ndimakatumiza madzi akamakwera," anatero. "Kamafika kwa Amama. Amama amakaona. Ndiye amakakankha kuti kabwerere. Chifukwa ndinawauza kuti asabwerenso."

Titiya anagwira pakamwa. Tseko linali litafika pammero. Abambo anawaponyera diso. Tseko lija linabwerera komwe linachokera. Kenako Titiya anatembenuka n'kupukuta m'maso ndi chitenje.

Abambo anatenga kabwato. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Wasema bwino," anatero. "Koma ine sindikhulupirira zongomva. Mawa tikatumizenso. Ife tizikatsatira pambuyo ndi bwato. Tikaone ndi maso amene amakabweza."

"Nanga akakhala Amama?"

"Akakhala amayi ako, ndikawafunsa ndine."

Kutacha, Titiya anafika ndi dengu lalikulu. Munali mpunga, nsomba zouma ndi kokonati zinayi. Munalinso mphika wa nyemba zophika ndi mpunga.

"Ndaphika ndine," anatero Titiya. "Mwanayu asafe ndi zophika zako. Za mpanda ndi nkhuku usadandaule."

Zefa anadabwa. Dengu lonseli la ulendo waung'ono? Koma sanafunse. Maso ake anali pa kabwato.

Madzi anayamba kukwera. Zefa anaika kabwato pamadzi. Lero sananong'one kanthu. Anakwera m'bwato, kutsogolo. Abambo anakhala kumbuyo ndi nkhafi.

"Lawa madziwa," anatero abambo.

Zefa anaviika chala. Analawa. Anakwinya nkhope. "Mchere!"

"Eya. Amenewa ndi madzi a m'nyanja. Ndi amene akukankha kabwato kako."

Kabwato kanadutsa doko. Iwo pambuyo. Kanadutsa munda wa mpunga. Iwo pambuyo. Kanakhota. Iwo anakhota nako.

Koma kuyenda kwake, abale! Kamba ali ndi liwiro. Kabwato kanazungulira pa tsamba. Kanaima pa muzu. Kanapitanso. Kakowa anatera pafupi, anakayang'ana, n'kuuluka. Dzuwa linakwera. Zefa anayamba kutekeseka.

"Ababa, tikakankheko pang'ono."

"Ayi. Dzulo unakakankha iwe?"

"Ayi."

"Ndiye kasiye. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anayenda. Anayendabe. Dzuwa linafika pamutu. Anafika pamalo pamene timitsinje tiwiri timakumana. Panali kamchenga koyera. Panalibe nyumba. Panalibe munthu. Panali mbalame zokhazokha.

Pamenepo kabwato kanayamba kuchedwa. Kanachedwa. Kanachedwa. Kenako kanaima nji.

Madzi onse anangoti phee. Tsamba linaima. Thovu linaima. Bwato lawo nalo linaima.

"Yang'anitsitsa," ananong'ona abambo.

Zefa anayang'anitsitsa. Sanaphethire. Kabwato kanagwedezeka. Kanatembenuka pang'onopang'ono. Mphuno yake inaloza kwawo. Kanayamba kubwerera.

Zefa anayang'ana kumanja. Kunalibe munthu. Anayang'ana kumanzere. Kunalibe munthu.

"Ababa! Kabwerera kokha!"

"Wawaona amayi ako?"

"Ayi!"

"Wachiona chipatala?"

"Ayi!"

"Nanga wakakankha ndani?"

Zefa anaganiza. Anayang'ana madzi. Tsamba lija nalo linali kubwerera. Thovu nalo linali kubwerera.

"Madzi," anatero. "Ndi madzi, Ababa!"

"Eya. Mlendo akabwera kwathu, timamuperekeza. Timafika naye kwawo?"

"Ayi. Timabwerera panjira."

"Madzi a m'nyanja nawo amangoperekeza. Amabwerera panjira. Kabwato kako sikanafikepo kwa amayi ako. Ngakhale kamodzi."

Zefa anapuma mpweya waukulu. Anaseka. Kenako analira. Kenako anasekanso. Abambo anapalasa kawiri n'kukapeza kabwato. Zefa anakatola n'kukakumbatira.

Koma posakhalitsa nkhope yake inagwanso.

"Ababa, ndiye kuti Amama sanamve uthenga wanga."

"Sanamve."

"Ndiye akudziwa mawu oyamba aja okha."

"Zoona."

Abambo anaika nkhafi pamiyendo. Bwato linayamba kubwerera lokha.

"Madzi akupita kwathu," anatero. "Tikangokhala chonchi, atifikitsa padoko. Kwa amayi ako n'kumtunda. N'kutali. Madzi azilimbana nafe. Tipite kuti?"

"Kumtunda!"

"Manja apweteka."

"Apweteke!"

Abambo anamwetulira. Anapisa dzanja pansi pa dengu. Anatulutsa kankhafi kakang'ono. Kanali katsopano, konunkhira mtengo. A Jemuse awa! Ulendo anali ataukonza kale, osanena.

Anadya kaye pa kamchenga paja. Titiya sananame. Nyemba zawo zinali zokoma zedi. Atatha kudya anayamba kupalasa.

Zefa anapalasa. Abambo anapalasa. Thibu! Thibu! Ankayenda m'mphepete, momwe madzi sathamanga kwambiri. Akasiya pang'ono, bwato linkabwerera. Ndiye sankasiya.

Mitengo ya m'matope inayamba kuchepa. Bango linayamba kuchuluka.

"Lawa madziwa," anatero abambo.

Zefa analawa. "Mchere pang'ono."

Anapalasabe. Patsogolo panamveka mkokomo. Hu hu hu! Timakutu tinatulukira pamadzi. Zinali mvuu zitatu. Zefa anauma thupi.

"Usaope," anatero abambo. "Gogoda bwato. Zidziwe kuti tikudutsa. Mvuu imadana ndi kuidzidzimutsa."

Zefa anagogoda ndi kankhafi. Go! Go! Go! Anadutsa patali, m'mbali mwa bango. Mvuu zinangowayang'ana. Imodzi inayasamula.

"Pakamwa ngati pa Titiya ako," anatero abambo.

Zefa anaseka mpaka kankhafi kanatsala pang'ono kugwa.

Dzuwa linapendeka. M'manja mwa Zefa munatuluka matuza awiri. Abambo anawaona.

"Puma, kankhanu. Ndipalasa ndekha."

"Ayi, Ababa. Mawu aja ndinanena ndine."

Abambo anang'amba kansanza n'kumumanga m'manja. Zefa anagwiranso kankhafi.

Tsiku limenelo anagona kwa msodzi wina, mnzawo wa abambo. Kutacha anapitiriza ulendo. Kamtsinje kanakula. Kanakulabe. Kenako bango linatha. Zefa anatsegula pakamwa. Madzi ponseponse! Tsidya linkaoneka ngati kamzere.

"Ababa, ndi nyanja iyi?"

"Lawa."

Zefa analawa. Analawanso. Anatunga ndi manja awiri n'kumwa.

"Mulibe mchere!"

"Ameneyu ndiye mwini wake, Zambezi. Timitsinje tonse ta kwathu ndi ana ake."

Dzuwa lisanafike pamutu anaona nyumba za njerwa. Anaona maboti ambiri padoko. Abambo anamangirira bwato. Anasenza dengu. Zefa ananyamula kabwato kake.

Kuchidikiro kunali mtengo waukulu wa mango. Pansi pake panali mphasa. Amayi ambiri anakhala pamenepo. Ena ankasoka. Ena ankapeta mpunga.

Zefa anaima. Pamadzi paja anali wolimba mtima. Pano mtima unkagunda, gu gu gu. Anabisala kumbuyo kwa abambo. Anagwira malaya awo.

"Odi, amayi!" anatero abambo. "Tikufuna a Filomena a kuzilumba."

"Filomena!" anaitana mayi wina. "Tuluka! Kwabwera bambo wa miyendo inayi!"

Amayi onse anaseka. Chitseko chinatseguka. A Filomena anatuluka pang'onopang'ono. M'manja mwawo munali kamtolo ka chitenje.

"Bambo a Zefa! Mwabwera!" Kenako anayang'ana pansi. "Nanga timiyendo ta matope ito n'ta yani?"

Zefa anasuzumira. Anatuluka pang'ono. Anapereka kabwato ndi manja awiri. Maso anali pansi.

"Ndinkakutumizirani aka, Amama. Katatu. Koma madzi ankakabweza."

Amayi anakhala pamphasa. Anayang'ana chigoba. Anayang'ana kansalu. Anayang'ana mkanda. Kenako anaona nsanza m'manja mwa Zefa.

"Wapalasa wekha?"

"Kuchokera pa kamchenga," anatero abambo. "Ndamuletsa, wakana."

Zefa anakweza maso.

"Amama, pepani. Ndinati musabwerenso. Ndinanama. Ndikufuna mubwere."

Wopeta anasiya kupeta.

"Ndinamva mawu aja," anatero amayi. "Anandipweteka. Ndinalira m'boti."

Zefa anagwetsa misozi.

"Koma ukudziwa chimene chinandipweteka kwambiri? Ndinachoka osakukumbatira. Manja angawa akhala akukudikira masiku onsewa. Tabwera kuno."

Zefa anadziponya. Amayi anamugwira ndi dzanja limodzi, mwamphamvu. Ankanunkhira sopo ndi utsi, ngati kale.

"Ndiye mubwera?" anafunsa Zefa, nkhope ili pachifuwa.

"Ngakhale ukananena kakhumi, ndikanabwera. Wandichedwetsa ndi waulesi uyu."

Amayi anavundukula chitenje. Munali kankhope kakang'ono. Maso anali otseka. Kankhonya kanali pakamwa.

"Mlongo wako uyu. Wabadwa dzana. Boti likabwera Lachisanu, tonse tikupita kwathu."

Zefa anakhudza kaphazi ndi chala chimodzi. Kaphaziko kanatakataka. Abambo anagwada pafupi. Ankangomwetulira.

Kenako amayi anamukankhira Zefa patali pang'ono. Anamuyang'ana kumutu. Anatong'ola maso.

"Mayo ine! Tsitsi ili waluka ndani?"

"Ababa."

"Ichi n'chiyani? Chingwe cha ukonde?"

"Ndinayesetsa, mayi a Zefa," anatero abambo. "Mfundo zanga sizimasuka."

"Ndi mutu wa mwana uwu, si bwato!"

Amayi a pansi pa mango anaseka mpaka kugwira mimba. Wina anaponya chipeso. A Filomena anapereka khanda kwa abambo.

"Gwirani mwana wanu. Iwe, khala apa."

Zefa anakhala pakati pa miyendo ya amayi ake. Amayi anayamba kumasula mfundo. Chipeso chinalowa. Chinakoka. Chinakokanso. Zefa anatsinzina. Sanasunthe.

"Zikupweteka?" anafunsa amayi.

"Eee, Amama," anatero Zefa. "Koma musasiye."